Bambo Thankachan Alowanso M'thanki

Kwa zaka makumi awiri bambo Thankachan ankagwira ntchito pansi pa madzi padoko la Kochi, kuwotcherera zitsulo za sitima. Mawondo atayamba kuvuta anapuma, n'kumangokhala pakhonde kukangana ndi akazi awo, mayi Annamma, za shuga wa mu tiyi. Nyumba zathu n'zoyandikana, ndiye zonse ndinkazimva.

Tsiku lina anatulukira ali wefuwefu, nsalu ya m'chiuno atayipindira m'mawondo.

"Annamma, ntchito ndaipeza! Chipatala cha ana chija chagula thanki ya okosijeni, yofanana ndi yomwe tinkalowa kudoko. Ana olumala azikapumiramo mpweya. Woidziwa bwino palibe, koma ine!"

"Inuyo ndi ndevu zanuzo? Ana azikalira," anatero mayi Annamma.

Analiradi. Woyamba anali Niranjana, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wobadwa ndi vuto la mu ubongo. Miyendo yake inali youma, ndipo sankalankhula. Atangoona chitseko chachitsulo cha thankiyo anakuwa, n'kukakamira chovala cha mayi ake, a Sreelatha. Masiku atatu anakaniratu. Dokotala anali atawauza kale mayiwo kuti sakulonjeza kanthu, poti madokotala ambiri njirayi amaikayikira, ndipo masewera olimbitsa miyendo asawasiye. Mayiwo anafuna kungozisiya.

Tsiku lachinayi bambo Thankachan anabwera ndi nsomba zojambula papepala, n'kuzimata kunja kwa mawindo a thankiyo.

"Mwanawe, lero tikupita pansi pa nyanja. Njira amalume akofe tikuidziwa. Nkhanu zonse n'zinzanga."

Mtsikanayo anayang'anitsitsa nsombazo, kenako analola kunyamulidwa. Makina anawasiyira namwino, iwo n'kulowa ndi mwanayo limodzi ndi mayi ake. Mpweya utayamba kutseka makutu, anamusonyeza kumeza malovu, maso atawatong'ola ngati chule. Niranjana anafa nalo phwete mpaka mayi ake misozi mbwee. Ola lonse linatha osalira.

Patapita miyezi inayi, Niranjana anaimirira yekha atagwira mpando. Dokotala anati sangadziwe ngati ndi thanki, masewera aja kapena kukula chabe.

"Adokotala, zimenezo mukambirane kumeneko," anatero bambo Thankachan. "Ine ndaona mwana ataimirira!"

Madzulo ake anagula nthochi zokazinga n'kuyenda nazo khomo ndi khomo mumsewu mwathu, akufotokozera aliyense, ngakhale wobweretsa makalata yemwe ankangodutsa.