Kukaonetsa Amayi Filimu ya Buku la Abambo

Tinafika pa depoti ya Salima cha m'ma 9 koloko m'mawa, ine ndi mlongo wanga Tadala. Laputopu anali ataikulunga m'chitenje n'kuikumbatira ngati mwana wodwala. M'menemo munali filimu imene anapanga kuchokera m'buku la malemu bambo athu, nthano ya msodzi Chaola amene anakokedwa ndi khoka lake lomwe mpaka kumudzi wa pansi pa nyanja, kumene anthu amaweta nsomba m'makola. Tinkapita nayo kwa amayi, kumudzi kwathu kugombe loyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Amayi anali atanena kale pa foni mosapsatira: "Ngati wasintha mawu a bambo ako, usabwere nayo kuno." Tsoka lake, Tadala anali atasinthadi.

Kondakitala wa minibasi ya ku Khombedza anati K4,000 munthu mmodzi, ndipo ikunyamuka pompano. Pompano wakeyo tinamudikira mpaka thukuta. Tinapanikizana kumbuyo, mapazi pathumba la simenti.

Titangodutsa pokhotera ku nkhalango ya nyama ya Kuti, mnyamata wina kutsogolo kwathu anatsegula foni, mawu mpaka pamapeto. Nyimbo yoyambira ndinaizindikira nthawi yomweyo. Tadala anandifinya mkono. Filimuyo inali itangoonetsedwa kamodzi ku Lilongwe, koma anyamata oika nyimbo m'mafoni anali ataifikitsa kale ku Salima. Makosi onse anasuzumira pa kafoni kaja, popanda wodziwa kuti mwini filimu ali momwemo.

Anayamba ndi mayi wina amene ananyamula dengu la usipa. "Iii, taonani! Mfumukazi ya pansi pa nyanja yavala wotchi! Kumeneko amayang'ana nthawi yanji?"

Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Bambo wina wachikulire, wa kofia yoyera, anapukusa mutu. "Wallahi, Chaola ameneyu sanakwerepo bwato. Nkhafi akuigwira ngati mthiko."

Mnyamata uja ankathamangitsa filimu kuti aonetse malo amene amamusangalatsa. Anafika pamene mkazi wa Chaola waima pamwala pachilumba cha Mbenji, akuitana mwamuna wake. Apa bambo wa kofia sanasekenso.

"Mkazi pa Mbenji? Chiyambire makolo athu, mkazi sapondapo pamenepo."

"Madala, iyi ndi filimu ya zamatsenga," anatero mnyamatayo. "Nsomba zikulankhula simunadandaule, koma mkazi yekhayu ndiye wakuwawani?"

"Nsomba zolankhula ndi nthano, mwana wanga. Mbenji si nthano, ali apoyo."

Ine mumtima ndinawavomereza. Zaka za m'tauni zinamuiwalitsa Tadala chinthu chimene mwana aliyense kwathu amadziwa. Koma amene anamulasa kwenikweni ndi bambo wina wa tayi amene anati ndi mphunzitsi.

"Zonsezo n'zazing'ono," anatero. "Bukuli ndinaliwerenga ndi ana anga a sukulu. Chaola sabwerera. Mkazi wake amadikira pagombe mpaka imvi. Koma mufilimumu amuvuula m'madzi, akubwerera kwawo bwinobwino. Amene anapanga izi wapha buku."

"Nanga mwamuna kubwerera kunyumba kwake n'kulakwa, aphunzitsi?" anafunsa mayi wa usipa.

"Si zimene analemba mwini wake."

Ndinkati ndiyankhe, koma Tadala ananditsina. Anatembenukira kuwindo n'kumayang'ana milambe ngati akuiona koyamba. Ndinamumvera chisoni kwambiri mwana wa amayi anga.

Tinatsika pa Khombedza dzuwa lili paliwombo. Ndinagula tchipisi pachiwaya, koma iye anangotola ziwiri n'kundikankhira mbale.

"Achimwene, tiyeni tibwerere."

"Tafika kale pakhomo, iwe. Nanga mathero unawasinthiranji?"

"Ndinayesa kujambula mmene analembera abambo. Koma mkazi wa Chaola atakhala pamchenga akudikira, ndinkangoona amayi. Ndinalephera kumusiya pamenepo."

Bambo athu anapita kuchipatala ku Lilongwe atalonjeza amayi kuti Lachisanu akhala atabwera. Anabwera ali m'bokosi.

Kuchokera pamenepo tinakwera kabaza wa njinga zamoto, njira ya mchenga yolowera kunyanja. Wanga ankayendetsa ngati wathawa mlandu, moti ndinafika fumbi lili mpaka m'mano. Amayi tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusankha mtedza. Titapatsana moni ndi kumwa madzi, analoza chitenje chija ndi chibwano. "Tsegula, tione."

Tinaika laputopu pampando, ife pamkeka. Anthu a m'minibasi aja anali achifundo poyerekeza ndi amayi. Wotchi anaiona isanaoneke n'komwe bwino. Pa nkhafi anawomba m'manja. "Bambo ako akanaseka mpaka kutsokomola!" Anatulukiranso chigubu chachikasu chimene chinaiwalika kuseri kwa bwato, chimene ngakhale aphunzitsi aja sanachione. Pa mkazi wa pa Mbenji nkhope inasintha. "Ichi ndiye ayi. Ukufuna anthu azindiloza zala pamudzi pano?"

Kenaka anafika mathero aja. Chaola anavuuka, malaya ali onyowa, nayenda pang'onopang'ono kudutsa pamchenga mpaka pakhomo pake. Anaima n'kunena kuti, "Odi." Amayi analeka kusankha mtedza. Filimu inatha, mayina anadutsa.

"Amayi, pepani," anatero Tadala. "Ndikakonza. Ndikabwezeretsa mmene analembera abambo."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Wotchi ukachotse. Mkazi uja ukamutsitse pa Mbenji, akaime kumtunda kuno. Koma apa usakhudzepo." Anasendera pafupi ndi mpando. "Tabwezera pamene akunena odi paja."

Aphunzitsi aja sananame, mathero amenewo si a bambo athu. Koma ulendowu unandiphunzitsa kuti cholakwika china chimafunika kufunsa kaye amene anadikirapo munthu pagombe. Tadala anabwezera, amayi anati abwezerenso, ndipo Chaola anapitiriza kufika pakhomo mpaka batire linatha.