Mlembi Anadina Ayi, Makina Anandipha

Abale anga, nkhani iyi sindikupeka ayi, ndipo wokayika abwere kuno ku Muloza adzafunse aliyense wa kabaza kapena amayi ogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu, adzamuuza kuti inde, bambo amene anafika pa maliro ake omwe akupalasa njinga aja alipo ndithu, ndipo ndine. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthu amene anathawa tsiku limenelo ndi akuluakulu aulemu wawo, ndipo timapempherabe limodzi.

Ine ndinagwira ntchito ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, kuyambira kuthyola masamba mpaka kudzakhala kapitawo. Titapuma ntchito, ine ndi anzanga okalamba tinayambitsa kabungwe kothandizana pa maliro, kuti mnzathu akatisiya asamakulungidwe mu mphasa ngati analibe anthu. Chimene chinkativuta chinali uthenga, chifukwa munthu ankatha kumwalira ku Milonde, ife akuno n'kudzamva ataikidwa kale. Ndiye mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre, anati atithandiza, ndipo anatikonzera kapulogalamu ka pa foni ya mlembi wathu. Pa dzina la membala aliyense panali funso loti kodi munthuyu wamwalira, ndipo mlembi akadina inde, uthenga unkapita nthawi yomweyo ku mafoni a mamembala onse ndi abale awo. Kwa ife amoyo funsolo linkangokhala losayankhidwa, pakuti ndani angamayende khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati afa? Zinkayenda bwino zedi, ndipo ine ndinkanyada, aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza kuti nzeru zimenezo zinachokera m'nyumba mwanga.

Chaka china nthawi ya mvula ndinadwala malungo oopsa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Nditatuluka, thupi lili lendelende, alongo anga amene amakhala kuseri kwa Milanje ku Mozambiki anatumiza mawu kuti ndipite ndikapumeko kwawo, akandidyetse kalongonda ndi nkhuku mpaka masaya abwerere. Ndinapita. Kumeneko foni ya ku Malawi sigwira, ndipo ine sindinadandaule, ndinangoiponya m'chikwama.

Koma kuno kumudzi anthu atasiya kundiona, anayamba kuvutitsa mlembi wathu. Ameneyu ndi bambo wofatsa, wa mantha ngakhale ndi nkhuku yofungatira, koma wokonda kuti zinthu zikhale m'malo mwake. Aliyense wokumana naye ankamufunsa kuti kodi akapitawo aja alipo, si paja anadwala kwambiri? Atatopa nazo, anapita kwa mayi a kunyumba kwanga, iwo n'kumuuza kuti ndili bwinobwino kwa alamu awo. Mlembi uja pofuna kutseka pakamwa anthu, anatulutsa foni ali m'njira, n'kupeza dzina langa, n'kudina ayi. Mwamva bwino? Anadina ayi! Asanabweze n'komwe foniyo m'thumba, mafoni onse kuyambira ku Muloza mpaka ku Likhubula analira, kulengeza kuti ine ndamwalira, mwambo wa maliro udziwika.

Mwina mukufunsa kuti bwanji mlembiyo sanakuwe kuti ndi bodza? Anayesa, koma liwu lake ndi laling'ono, ndipo anthu anamufunsa kuti iwe ndi makina a ku Blantyre, wodziwa zambiri ndani? Mpaka nayenso anayamba kuganiza kuti mwina makinawo amva kanthu kuchokera ku Mozambiki kamene iye sanamve. Mayi a kunyumba anaganiza kuti mlembi walandira uthenga atangochoka pakhomo. Mwana wanga ku Blantyre naye anaulandira ali ku ntchito, ndipo sanakayike n'komwe, pakuti pulogalamuyo anailemba yekha, anakwera minibasi akulira njira yonse. Amuna awiri anatumidwa kukatenga thupi, koma iwo anadzera msewu waukulu pamene ine m'mawa mwake ndinkabwerera podzera njira ya m'minda, tinasemphana.

Ndinafika pa Muloza dzuwa lili paliwombo, ndikuimba kanyimbo, nkhuku ya mphatso ili pa kaliyala. Woyamba kundiona anali mayi wina amene ndimagula kwa iye zitumbuwa. Ndinamupatsa moni, iye anangotsegula pakamwa, n'kuponya beseni lonse m'mwamba, n'kuliyatsa liwiro chitenje chili m'manja. Kenako anyamata osintha ndalama pa malire paja anabalalika ngati mbalame zaona kabawi. Ine ndinaganiza kuti kumbuyo kwanga kukubwera apolisi kapena galu wachiwewe, ndiye nanenso ndinayamba kupalasa mwamphamvu kuwatsatira, ndipo pamene ndinkawatsatira m'pamene ankakuwa kwambiri. Tangoganizani, munthu wongochira kumene malungo, kuthamangitsa msika wonse osadziwa!

Kuseka kunatha pamene ndinaona kuti a kabaza aima patsogolo panga atatseka msewu, ena atatola miyala, ena zibonga. Wina anakuwa kuti ameneyu ndi ndondocha, afiti amudzutsa kuti azikawalimira. Wina, ataima patali, anandiwerengera uthenga wa pa foni yake, dzina langa lonse, mudzi wanga, ndi mawu oti ndamwalira. Abale, sindinachitepo mantha otero chibadwire. Ndipo ndikuuzeni zoona, nanenso ndinayamba kukayika. Ndinakumbukira kuti ndili m'chipatala ndinalota malemu amayi anga akundiyitana mu Chilomwe, ndiye ndinadzifunsa kuti kodi mwina ndinapitadi, ndipo nkhuku ndinkadya kwa alongo anga zija zinali za kumanda? Wina anati tiyeni tione ngati ali ndi chithunzithunzi. Ndinayang'ana pansi, ndipo poti linali dzuwa la paliwombo, chithunzithunzi chonse chinali chitabisala pansi pa njinga. Anthu anafuula kuti mwaona, alibe!

Telala wina wachikulire amene amasoka pakhonde la sitolo ndiye anati dikirani, ndondocha imakhala yodulidwa lilime, muuzeni alankhule. Onse anati lankhulani, bambo! Koma kukamwa kwanga kunali gwa, malovu atauma, ndinangotulutsa kaliwu ngati ka mbuzi yomangidwa pakhosi. Miyala inayamba kukwezedwa m'mwamba. Chimene chinandipulumutsa ndi mbava. Mnyamata wina, poona kuti mwini wake ndi wakufa, anazemba kumbuyo n'kuyamba kumasula nkhuku yanga pa kaliyala. Pamenepo lilime linamasuka lokha, ndinamukalipira mu Chichewa, mu Chilomwe, mpaka ndi Chipwitikizi chochepa chimene ndimadziwa, ndinatchula ndi agogo ake omwe. Telala uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti tayani miyala, wakufa sakalipa chonchi, awa ndi akapitawo enieni, ife anatikalipirapo ku esiteti.

Anandiperekeza kunyumba gulu lonse, koma aliyense akuyenda motalikirako pang'ono. Tili patali ndinamva nyimbo za maliro, ndipo ndisaname, amayi a mpingo ankaimba bwino kwambiri moti ndinatsala pang'ono kulira nawo. Pabwalo panali anthu ochuluka kuposa amene anabwera pa ukwati wanga. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali bokosi latsopano, lopakidwa vanishi, ndipo pafupi nalo panakhala achimwene anga aakulu atavala jekete langa la ku tchalitchi, akufotokozera anthu kuti ine ndinawauza kale kuti njinga idzakhala yawo. Atandiona ndikulowa ndi njinga yomweyo, anadzuka osatsanzika, n'kudutsa mu mpanda wa nandolo ngati gwape. Nyimbo inadukira pakati. Amayi anagwerana pakhomo, wina anatulukira pawindo limene mpaka lero sindimvetsa kuti anakwanapo bwanji.

Amene sanathawe ndi mayi a kunyumba okha. Anabwera pang'onopang'ono, maso ali psuu, anandigwira tsaya, anandigwira khutu, kenako analikoka khutulo mwamphamvu n'kundifunsa kuti foni ndinagulira chiyani ngati sindiyatsa. Atatero anandikumbatira n'kulira kuposa mmene ankalirira ndili wakufa. Mwana wanga anatuluka m'nyumba nkhope itatupa, anangogwada n'kundigwira miyendo.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma zoopsa zenizeni zinali zikubwera. Anthu mantha atawathera anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umafuna mwini. Anayamba kunong'onezana kuti mlembi ndiye mfiti, anafuna kundipha m'matsenga kuti ndizikamugwirira ntchito m'munda mwake wa chinangwa, kungoti mankhwala ake sanagwire. Anamukokera pakati pa bwalo akulumbira kuti iye anadina ayi, koma ndani akanamukhulupirira? Ena anali atayamba kale kufunsa kuti nyumba yake ndi ya udzu kapena ya malata. Ine ndinaima patsogolo pake, koma munthu amene wangouka kumene kwa akufa mawu ake salemera kwenikweni.

Apo mwana wanga anapukuta misozi, anatulutsa laputopu m'chikwama, ndipo posowa tebulo anaitsegulira pamwamba pa bokosi langa lomwelo. Anayang'ana kanthawi, kenako anagwira pakamwa n'kunena kuti mlembi asakhudzidwe, wolakwa ndi mzere umodzi umene analemba iye mwini. Anatifotokozera kuti pulogalamu isanayambe kugwira ntchito imadutsa kaye kwa pulogalamu inzake yotchedwa kompayila, imene ntchito yake ili ngati ya woyendera masamba pa sikelo ku esiteti, kuona kuti chilichonse ndi cha mtundu woyenera, nambala isalowe pofunika mawu, mawu asalowe pofunika nambala. Tsono yankho la funso lathu lija linali ngati dengu lovundikira, limene likhoza kukhala lopanda kanthu, kapena muli inde, kapena muli ayi. Iye polemba anapereka dengulo losavundukula pamalo pofunika inde kapena ayi, ndipo m'chinenero chimene analembera, kompayila ikaona zotero sikana, imangosintha funso mwakachetechete n'kukhala loti kodi m'dengumu muli kanthu? Likakhala lopanda kanthu, munthu ali moyo. Mukakhala inde, muli kanthu, wamwalira. Mukakhala ayi, namonso muli kanthu, wamwaliranso! Masiku onsewa sizinaoneke chifukwa panalibe amene anadinapo ayi.

Ine ndinamva msanga, chifukwa woyendera amene amangonyamula dengu kumva kulemera osasuzumira m'kati, othyola amamuikira miyala pansi pa masamba. Koma anthu ena anati izi ndi nkhani za ana a sukulu zofuna kubisa mfiti. Mkulu wa mpingo, amene anali atakonzeka kale kulalika pa maliro anga ndipo ankaoneka wokhumudwa pang'ono kuti ulaliki wake wapita pachabe, ananena kuti iye sangakhulupirire kuti makina angamve inde pamene munthu wati ayi. Mwana wanga anawafunsa mwaulemu ngati iwowo ali moyo. Anayankha kuti ali moyo ndithu, aliyense akuwaona. Ndiye anapempha mlembi kuti apeze dzina lawo, poti nawonso anali membala wathu, adine ayi pamaso pa anthu onse. Mlembi anadina.

Mafoni onse pabwalopo analira nthawi imodzi, ina m'matumba, ina m'mipango ya amayi, ina m'jekete la mkulu wa mpingo mwiniwakeyo. Anaitulutsa, anavala magalasi, anawerenga za imfa yake, n'kukhala pansi mwadzidzidzi pa benchi, dzanja lili pamtima kumvetsera ngati ukugundabe. Kenako mayi wina anaphulika kuseka, ndipo bwalo lonse linagwa nacho chiseko, ngakhale aja ankafunsa za denga la mlembi. Chimene tinaiwala n'chakuti uthengawo unapitanso kwa akazi a mkulu wa mpingoyo amene anatsala kunyumba akudwala mwendo. Pasanapite nthawi tinamva kulira kukuchokera kumtunda, mayi aja akubwera chothamanga, mwendo utachira, ndipo tinagwira ntchito yoimba mafoni uku ndi uku kuletsa maliro achiwiri.

Thobwa linali litaphikidwa kale, ndiye tinamwa, ndipo ndine munthu mmodzi mwa ochepa amene analawapo thobwa la pa maliro ake. Amuna aja anapita kukatenga thupi anabwerako madzulo ndi alongo anga akulira, n'kundipeza ndikuthandiza kubweza mabenchi ku tchalitchi. Mwana wanga sanabwerere ku Blantyre mpaka atakonza mzere uja, ndipo anandionetsa kuti tsopano kompayila anaiuza kuti ikhale yankhanza, dengu losavundukula ikangoliona imakana, imalemba zofiira, pulogalamu osayenda mpaka wolembayo anene bwinobwino chochita likakhala lopanda kanthu, chochita mukakhala inde, ndi chochita mukakhala ayi. Mlembi sanafunenso kuigwira foniyo kwa nthawi yaitali, ndipo ndinachita kumunyengerera.

Lero ndikamaganiza, ndimaona kuti tsiku lija tikanataya munthu wosalakwa, kapena ine ndemwe ndikanagendedwa pamsewu, popanda mfiti ngakhale imodzi, chifukwa cha woyendera waulemu amene sanafune kuvutitsa mwana wanga ndi mafunso. Za ufiti sindikutsutsa, ndine wa kuno, koma ndimakhulupirira tsopano kuti zambiri zimene timathamangira kuotcherana nyumba zimakhala ndi kamzere kake kamene palibe wakayang'ana. Inu ana amene mumalemba zinthu zimenezi, musamakondwe makina akamangokuvomerezani chilichonse, woyendera wabwino ndi amene amakubweza. Ndipo inu anzanga, foni ikakuuzani kuti uje wapita, musathamangire kugula matabwa kapena kutola miyala. Tsiku limene mudzamve kuti ine ndamwalira, chonde bwerani mudzandigwire kaye phazi, likakhala lofunda ndigwedezeni, ndangogona.