Phazi la mkango pankhokwe ya amalume

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi kamkango ka pulasitiki n'kumakadinda m'matope pakhonde. Ndinamulanda n'kukaponya m'chimbudzi. Analira, koma sindinapepese.

Nthawi ya atsamunda, ndili mwana, kwathu kufupi ndi Fort Lister, mkango unkatha anthu. Bambo anga, mkamwini wosadziwa kutseka pakamwa, ankafunsa poyera kuti, "Mkango wanji wosankha okhawo okangana ndi akuluakulu za minda?" Posakhalitsa anawapeza m'munda wa nandolo atakhadzulidwa. Mzungu wa kuboma anabwera, anayeza mapazi a chilombocho ndi ndodo yake, anatchera msampha wa nyambo ya mbuzi, n'kumapita.

Maliro atatha, ndikufunafuna mazira padenga la nkhokwe ya amalume, ndinagwira chinthu cholemera: phazi la mkango, louma gwa ngati mtengo, zikhadabo zonga mipeni, likununkha mafuta a nsatsi ndi magazi akale. Ndinathamanga nalo kwa amayi.

"Amayi, onani! Amalume audula phazi mkango uja!"

Amayi ananditseka pakamwa. "Kabweze msanga. Alongo angawo ndiwo eni mbumba. Ukayankhula, tikalima kuti?"

Ndinkayesa kuti amalume safuna kutamandidwa. Ndinakula ndikuwanyadira, ndipo atamwalira ndinalira kuposa ana awo.

Lero ndikudziwa kuti phazi lija linali losema, ndipo anali nalo ambiri m'gulu lachinsinsi la amalume. Mkango umene unadya bambo anga unkavala jekete, ndipo ndine ndinkaugwadira pousambitsa m'manja.