Mutu wa Apongozi M'manja Mwanga

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza nditakula kale. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, atamwalira, akwawo ku Nsaru anandisudzula monga mwa mwambo ndipo ndinabwerera kwathu ku Kabudula. Fodya ndinalephera kulima ndekha. Mkulu wa mpingo wina ndiye anandiuza kuti kuchipatala cha maso akufuna munthu wothandiza odwala, wodekha, wodziwa kulankhula ndi okalamba. Ndinapita ndi jekete la kutchalitchi, ndipo ananditenga.

Anandiika m'chipinda cha makina a leza. Munthu akachotsedwa ng'ala amamuikira kagalasi ka pulasitiki m'diso. Kwa ena, pakapita zaka, kachikopa kopyapyala kamene kali kuseri kwa kagalasiko kamachita chifunga, munthu n'kuyambanso kuona ngati ali mu utsi. Leza ndi kuwala kwamphamvu kumene kumaboola kachikopako pakati. Sacheka, magazi satuluka. Ine ndinkapukuta makina ndi thonje la sipiriti, kukhazika wodwala atadonthezeredwa mankhwala okulitsa mwanadiso ndi ena a dzanzi, kuika chibwano chake pa kachitsulo ndi chipumi pa lamba wa makinawo. Kwa amene akunjenjemera ndinkaima kumbuyo n'kugwira mutu ndi manja awiri.

Tsiku loyamba adokotala anandiuza kuti, "Bambo, leza sadziwa kusiyanitsa. Mutu ukasuntha, amenya kagalasi, ndipo kachilemako sikachoka."

Makinawo sanali athu. Ankabwera ndi adokotala kuchokera m'tauni, n'kukhala tsiku limodzi, ndiye kubweranso kwake kunali kosadziwika. Wophonya tsikulo ankadikira miyezi.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula ndinatuluka kukaitana wodwala wotsatira, ndipo pabenchi panali a Nachisale, mayi ake a malemu mkazi wanga. Diso lawo lamanzere linafa kalekale. Lamanja ndilo linachotsedwa ng'ala, ndipo tsopano linali litachita chifunga moti anachita kuwagwira dzanja pobwera.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sakhudzana. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzi pawo, tikakumana m'njira wina ankapatukira kutchire. Ngakhale pamaliro a mwana wawo tinalira motalikirana.

Ndinathamangira kwa anesi kuti alowe m'malo mwanga, koma anali atasamba kale m'manja kuchipinda cha opaleshoni. Ndinabwerera, n'kuwakhazika amayiwo osatulutsa mawu, ndikuyembekeza kuti sandizindikira. Koma nditangotsokomola anauma thupi. Anakokera mpango kumaso, mutu n'kugwetsa pansi.

"Agogo, chibwano apa," anatero adokotala.

Anaika. Ine manja ndinabisa kumbuyo. Adokotala analozetsa timadontho tofiira ta makinawo m'diso, n'kudina. Kunamveka kuti thi! Nthawi yomweyo mutu unazemba kutembenukira kukhoma, kuthawa mbali imene ndinaima ine.

Adokotala anachotsa chala msanga, n'kusuzumiranso m'makina nthawi yaitali.

"Kagalasi kapulumuka, koma pang'onong'ono," anatero. "Bambo, mwaima ngati mtengo bwanji? Gwirani mutu!"

"Adokotala, awa ndi apongozi anga."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayiwo. Anali munthu wa kuno, sanaseke. "Diso ndi limodzi ili. Popanda wogwira sindidinanso. Panja pali anthu, ndipo makina akubwerera lero."

Ndinaganiza za amayiwo akufufuza khoma popita kuchimbudzi mpaka makina adzabwerenso, ngati adzabwere. Ndinaganizanso kuti ndikawagwira osalola, athawa ndithu ndipo sadzabwereranso. Ndinapemphera mumtima, mawu ochepa. Kenako ndinalankhula monga tinkachitira kumudzi, podzera mwa munthu wina.

"Adokotala, auzeni amayi kuti ndiima kumbuyo kwawo. Nkhope yanga saiona. Auzeni kuti mayi a Chisomo akanakhalapo akanagwira okha, koma kulibe."

Adokotala sanabwereze, poti tonse tinamva. Ndinayesa kuti a Nachisale akana. Manja awo ankapotokola nsonga ya chitenje.

"Adokotala," anatero potsiriza, "auzeni bambo a Chisomo kuti agwire. Koma agwire zolimba, eti, asachite ngati akuba dzira."

Ndinaika zikhato zanga pampango wawo. Mutu unali waung'ono, wotentha, ukunjenjemera ngati nkhunda. Ndinakanikiza chipumi pa lamba. Thi! Anadzidzimuka koma sanasunthe. Thi! Thi! Thukuta linkandilowa m'maso, ndipo sindikanatha kupukuta. Ndinkangoyang'ana khoma mpaka adokotala anakankhira mpando wawo kumbuyo.

"Zatha. Zenera latseguka."

Tinawasunga pabenchi kuti adokotala ayezenso diso asanapite. Masana ndikudutsa ndi beseni, maso anga pansi, ndinamva akulankhula ndi mayi wina amene anakhala naye pafupi, mokweza kuti ndimve.

"Inu mayi, tawauzani abambo akudutsawo kuti kolala ya malaya awo yang'ambika. Mwana wanga sakanalola zimenezi. Atumize ndi Chisomo, ndisoka ndekha."

Ndinakalowa m'chipinda chosungira katundu, n'kutseka chitseko kanthawi.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhazika munthu pamakina ndisanadziwe kuti ndi ndani, ndipo akuchita manyazi ndi ndani m'chipindamo. Lamba amagwira chipumi chokha. Munthu amakhazikika akalola yekha, ndipo kumupempha kuli ndi njira yake. Malaya aja ndinatumiza. Anabwera atasokedwa ndi ulusi wakuda pansalu yoyera, mzere wowongoka bwinobwino, ndipo ndi amene ndimavala pa Mgonero.