Thumba la pa Tsamba Lomaliza

Mukalowa kamsewu ka kuseri kwa msika, n'kudutsa okonza mafoni ndi kanyumba kometera, mudzamva makina osokera akulira ngati akukangana ndi munthu. Ndi a Zipi amenewo. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma analisiya kalekale. Ena amati dzinali linabwera chifukwa palibe zipi imene inawakanikapo, kaya ya buluku kaya ya chikwama. Ena amati ayi, n'chifukwa choti pakamwa pawo pakatseguka sipatsekeka msanga. Onsewo akunena zoona.

Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale m'tchalitchi. Ali ndi khalidwe limodzi limene makasitomala anatopa kulidandaula: chovala chilichonse chodutsa m'manja mwawo chimatuluka ndi thumba. Mukawapatsa diresi kuti angolifupikitsa, mudzalipeza lili ndi thumba, inu osapempha. Mukafunsa, yankho lake ndi lomwelo: "Nanga makiyi muziika m'kamwa?" Mkwatibwi wina analira nazo, koma pa tsiku laukwati kampango kopukutira misozi anakatulutsa m'thumba lomwelo.

Ana awo atakula n'kuchoka pakhomo, a Zipi ankaganiza kuti ntchito yolera yatha. Kenaka mlamu wawo, mkazi wa mlongo wawo wamng'ono, anamwalira. Mlongoyo ndi dalaivala wa lole, munthu wogona m'misewu, choncho kamtsikana kake kanabwera kudzakhala ndi azakhali ake. Kanali kasanayambe sukulu. Ankakatchula Kanyerere, chifukwa sikankakhala malo amodzi.

Mwanayo ankadya bwino, ankasewera, ankatola mabatani pansi pa tebulo lodulira nsalu. Vuto linali limodzi. Munthu akangoti, "Titsinzine, tipemphere," Kanyerere ankauma thupi lonse, n'kugwira siketi ya azakhali ake ndi manja onse awiri, maso ali tong'o. Ku Sande sukulu ndiye ankakuwa mpaka kumutulutsa panja.

Aphunzitsi a Sande sukulu, mayi wodekha ndi wa mtima wabwino, anabwera kushopu ndi buku la zithunzi logula kusitolo. Linali lokongola, masamba ake osalala. Munali ana atagwada, manja ataphatikiza, maso atatseka, ndipo pamwamba pawo nkhalamba ya ndevu zoyera itatambasula manja kuchokera m'mitambo. Kanyerere analiyang'ana pang'ono n'kuliponya pansi pa makina.

"Iwe! Buku la eni ake limenelo!" anatero a Zipi.

"Ndi ameneyo," mwanayo anatero akuloza pansi. "Akudikira kuti atsinzine, awatenge."

A Zipi anasiya kupalasa makina. Anamufunsa pang'onopang'ono, ndipo nkhani inatuluka zidutswazidutswa. Tsiku limene mayi ake anadwalika, anthu a kutchalitchi anadzaza m'chipinda. Wina anati onse atsinzine. Mwanayo anatsinzina mwamphamvu, monga anamuphunzitsira mayi akewo. Pemphero linatalika, galimoto inafika m'kati mwa pempherolo, ndipo anthu ananyamula wodwalayo mwakachetechete kuti mwana asaone. Pomwe ankati ameni, pabedi panali bulangete lokha. Mayi sanabwerenso. Pomutonthoza, akuluakulu anamuuza kuti Mulungu wawatenga.

Ndiye inu mumati mwana aganize chiyani? Akuluakulu timayankhula ngati ana alibe makutu. A Zipi zinawapweteka kwambiri, ndipo anapsa mtima, osati ndi mwanayo ayi. Mwana wa m'nyumba mwawo akule akuyesa Mulungu wakuba wobisalira anthu otsinzina? Zimenezo anakana.

Mlongo wawo atabwera ku ulendo n'kumva nkhaniyi, anagwira njakata. "Achemwali, bwanji tipite naye akamupempherere?"

"Kuti akamuzungulire anthu n'kumuuzanso kuti atsinzine? Iwe pakhosipo pali mutu kapena chipewa chokha?"

"Nanga titani?"

"Pita ukayendetse lole yako. Buku lawononga, buku likonza. Ndisoka langa."

Kujambula ndiye a Zipi sadziwa. Akajambula galu mumayesa tebulo. Koma apatseni sizasi! Anakhuthula thumba la tizidutswa ta nsalu, totsala pa mayunifolomu, makatani ndi masuti a anthu, n'kuyamba kudula. Masamba anali a nsalu yolimba, m'kati ataikamo katoni. Anthu a m'bukumo anali a zigamba, tsitsi la ulusi wakuda, maso a mabatani. Ndipo batani, monga mukudziwa, silitsinzina.

Tsamba loyamba linali la mayi wamfupi wa magalasi, akupalasa makina uku akuyankhula ndi Mulungu. Lachiwiri linali la dalaivala, manja pa chiwongolero, maso pamsewu. "Ameneyu akupemphera," a Zipi anafotokoza, "koma akangoyerekeza kutsinzina, katundu yense athera m'ngalande." Kanyerere anaseka mpaka kugwa chagada. Panali tsamba la mwana wothokoza chifukwa cha nsapato zatsopano, ndi lina la mwana wokwiya, milomo itasongoka, akuuza Mulungu kuti wakwiya. Tsamba limenelo ndi limene linada msanga ndi zala.

Bukulo linalibe mawu olembedwa. Mawu ake anali m'kamwa mwa a Zipi, ndipo kumeneko sasowa. Masana, makasitomala akachepa, ankakhala pa mpando wa makina, mwana pamiyendo, n'kumatembenuza masamba. Posakhalitsa Kanyerere anayamba kupemphera pa chakudya, timawu tiwiri titatu, maso ali pa azakhali ake ngati mlonda.

Aphunzitsi aja ataliona bukulo analiyamikira, koma anali ndi nkhawa. "Mayi, anthu anuwa onse akupemphera akuyang'ana. Komanso Mulungu ali tsamba liti?"

"Aphunzitsi, ine sindidula nsalu ya munthu amene sindinamuyeze," anayankha a Zipi, ndipo onse awiri anaseka.

Koma funso lomwelo litachokera kwa mwana, silinali loseketsa. Tsiku lina Kanyerere anatembenuza masamba onse, anasuzumira kuseri kwa chikuto, n'kufunsa motsitsa mawu, "Azakhali, Mulungu mwamubisa kuti?" A Zipi anaona kuti ntchito yawo yafika theka chabe. Mwanayo sanasiye kuopa. Wakuba uja anangochoka m'mitambo n'kukabisala pena pake. Anamuuza kuti tsamba lake likubwera, koma kunena zoona sankadziwa kuti adula chiyani.

Yankho analipeza pochapa. M'mawa wina, akupisa m'thumba la kadiresi ka mwanayo asanakaviike m'madzi, anapezamo batani lobiriwira. Analizindikira nthawi yomweyo. Linali la diresi la malemu mlamu wawo, limene anasoka iwo omwe.

"Kanyerere, batani lokongola chonchi ukulisunga mumdima bwanji? Bwanji osaliika pawindo uziliona?"

Mwanayo anawayang'ana ngati azakhali akewo ndiwo mwana. "Pawindo lisowa. M'thumba silisowa."

A Zipi anasiya zochapazo zili m'beseni. Anakatsegula sutikesi imene mlongo wawo anawasungitsa, natulutsa diresi lobiriwira lija. Anakumbukira mmene mlamu wawo anakanira: "Alamu, pa ili lokha musaike thumba." Iwo analiika ndithu, ndipo mwini wake ankasungiramo maswiti a mwanayu. Anakhala nalo pamiyendo kanthawi, kenaka anatenga sizasi. Thumbalo analichotsa lathunthu, osaliwononga, n'kulisokerera pa tsamba lomaliza la buku. Anadulanso kamtsikana ka nsalu, kakang'ono ngati chala, n'kukamangirira ku bukulo ndi kachingwe. Aka kokha sanakaike mabatani. Maso ake anali timizere tiwiri ta ulusi.

Masana amenewo anamuitana. Kanyerere anatembenuza masamba mpaka kumapeto, ndipo ataona kachidoleko anadzidzimuka.

"Watsinzina! Amutenga!"

"Mulowetse umo," anatero a Zipi akuloza thumba.

Mwanayo anazengereza. Nsaluyo anaizindikira, chifukwa anayamba waisisita ndi chala. Kenaka analowetsamo kachidole kaja.

"Ukumuona?"

"Ayi."

"Muli mdima mmenemo?"

"Eee."

"Ndiye kuti wasowa?"

Kanyerere anapisamo zala ziwiri. "Alimo."

"Tamvera tsono, mwana wa mlongo wanga. Mulungu sindingathe kumusoka. Ndi wamkulu, nsalu zonse za mumsika muno sizingakwane. Koma chimodzi ndikudziwa: zake sataya, amazisunga pafupi ndi thupi lake monga umasungira batani lako lija. Ukatsinzina n'kuona mdima, usamati ndasowa. Uziti ndili m'thumba."

Mwanayo anatulutsa kachidoleko, anakalowetsanso, anakatulutsanso. Kenaka anafunsa, osadzutsa mutu, "Amayi alimo?"

Pakamwa paja pamene sipatsekeka panatsekeka. A Zipi anavula magalasi, anawapukuta ndi epuloni, anawavalanso. Mawu awo anatuluka olimba.

"Alimo. Ife ndi amene sitikuwaona. Ndipo umve bwino ichi: amayi ako sanapite chifukwa choti unatsinzina. Anadwala kwambiri. Ngakhale ukanayang'ana tsiku lonse osaphethira, akanapitabe. Iwe sunalakwe chilichonse."

Kanyerere anatenga bukulo n'kukalowa nalo pansi pa tebulo lodulira, ndipo a Zipi anamusiya. Anabwerera pa makina n'kumapinda buluku la munthu, makutu ali pansi pa tebulo. Ankangomva kunong'ona, chidole chikulowa, chidole chikutuluka. Masiku otsatira sanamukakamize chilichonse. Pa chakudya ankangoti, "Tipemphere," liwu lina lija osalitchula. Aphunzitsi anabwereka bukulo Lamulungu lina, ndipo linabwerako thumba lili lodzaza timiyala ndi tizitsekerero ta mabotolo, poti mwana aliyense ankafuna kuikamo kake.

Mlongo wawo anabweranso ku ulendo tsiku lina masana, fumbi lili mbuu, atanyamula buledi. A Zipi anasuntha nsalu patebulo, anathira tiyi m'makapu, ndipo atatuwo anakhala pansi. Bamboyo, amene anali atachenjezedwa kale, anangoti, "Tipemphere," n'kuyang'ana pakapu.

"Dikirani," anatero Kanyerere.

Anatsika pampando n'kuima pakati pawo. Dzanja limodzi analipisa m'thumba la epuloni ya azakhali ake, linalo m'thumba la jekete la bambo ake, thumba limenenso anasoka a Zipi osapemphedwa. Anagwira zolimba mbali zonse ziwiri.

"Titsinzine," anatero yekha.

Anatsinzina mwamphamvu mpaka mphuno inakwinyika. "Mulungu, zikomo buledi. Musunge bwino amayi. Musawataye. Ameni."

Anatsegula maso msangamsanga. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Bambo ake analipo, chipewa chili pankhope, mapewa akugwedezeka. Azakhali ake analiponso.

"Mulipo," anatero, n'kupumira m'mwamba. Kenaka anakweza nsidze. "Koma azakhali mwabera. Simunatsinzine."

N'zoona, a Zipi sanatsinzine. Akanaphonya bwanji zimenezo? Anasuzumira pamwamba pa magalasi awo onyowa n'kumukankhira kapu.

"Mawa nditsinzina," anatero. "Imwa tiyi, akuzizira."