Chigamba cha a Namakhwa

Mukatsika minibasi pa Songani n'kufunsa makaniko wodziwa za chiwongolero, akulozerani kuseri kwa chigayo, pansi pa mtengo wa mango pomwe nthaka inada kalekale ndi oyilo. Mukapezapo bambo wamfupi, wa chifuwa chotambalala, amene zala zake zakumanzere zinapindikira mkati. Amenewo ndi a Spencer Namakhwa. Za dzanjalo musawafunse, sangakuyankheni.

Anabadwira kwa Malemia, m'banja la alimi a mpunga. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, atanyamula khasu ndi ukali. Khasu linatha, koma ukali unatsala m'banjamo, ndipo gawo lalikulu linagwera a Spencer. Sukulu anailekera panjira atathyola mphuno ya mnzawo ku mpira. Ntchito ya umakaniko anaiphunzira pa galaja ina ku Zomba kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku lomwe anagenda kapitawo ndi sipanala. Akazi awo, mayi Elsie, amayi anzawo akawafunsa kuti amakhala bwanji ndi munthu wotere, ankangoseka n'kunena kuti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Kunena zoona, mayiwo sanamenyedwepo. Ukali wa a Namakhwa unkathera pa amuna anzawo ndi pa mabawuti okana kumasuka.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali chigamba. Iwo sankataya kanthu. Pulasitiki ikang'aluka m'galimoto, ankaika sukuludiraiva pa mbaula, ikafiira n'kusungunulira pamng'alupo kachidutswa ka beseni losweka. Aliyense wonena zogula chatsopano ankamuyang'ana ngati watukwana makolo awo.

Lachitatu lina m'mwezi wa Juni, nthawi yokolola mpunga, kunabwera Che Rashid ndi kapikapu kawo kakale. Che Rashid anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, amene ankanyamula matumba a mpunga kuchokera m'midzi ya ku Domasi kupita nawo ku Zomba. Anadandaula kuti chiwongolero chikulira akamakhota. A Namakhwa anatsegula boneti n'kuona vuto nthawi yomweyo. M'galimoto zimenezi mumakhala kathanki ka pulasitiki, kukula kwake ngati kapu yayikulu ya tiyi, kosunga oyilo wofiira amene amafewetsa chiwongolero. Oyiloyo akatha, chiwongolero chimauma gwa. Kathanki ka Che Rashid kanali katang'aluka pakhosi, pomwe pamalowa paipi.

"Kaya ndingokwera minibasi ndikagule kena ku Limbe?" anafunsa Che Rashid. "Pamenepo ndi poipa, paipi imagwedezeka."

"Ku Limbe kuli azibale anu?" anayankha a Namakhwa. "Galimotoyi mumaidziwa ndinu kapena ine? Khalani apo muone."

Anamata chigamba chobiriwira, n'kuthira oyilo wina. Anapotokola chiwongolero uku ndi uku, sipanadonthe kanthu. Kenako anamenya boneti ndi chikhatho n'kunena kuti chigamba chimenecho chidzakhalapobe galimoto itasanduka khola la nkhuku.

M'mawa mwake kumudzi kwawo kunali maliro, ndipo a Namakhwa, pokhala mmodzi wa adzukulu, analawirira kumanda kukakumba. Monga mwa mwambo, anthu anayala masamba aawisi modutsa msewu kumtunda ndi kumunsi kwa siwa, kuti wanjinga atsike, wagalimoto ayende pang'onopang'ono. Siwayo inali m'mphepete mwenimweni mwa msewu wafumbi, pomwe umatsetsereka n'kukhota mwadzidzidzi.

Che Rashid, akudutsa pa msewu womwewo pa kapikapu kawo kaja, anawaona masambawo ndipo anachepetsa liwiro. Koma kumbuyo anali atasanja matumba mpaka pamwamba, msewu unali wa mabampu, ndipo chigamba chija chinali chitayamba kale kusiya. Atafika pokhota, chiwongolero chinakana. Anachikakamiza ndi manja awiri, osatheka. Anaponda mabuleki, matayala anangoseseleka pamchenga. Kapikapu kanalunjika pabwalo, kanagwetsa mpanda wa udzu, kanaphwanya mbaula ndi ndowa, n'kugunda mayi Esnath, mlongo wake wa malemu, amene ankadutsa atasenza madzi. Mayiwo anagwa osalira n'komwe.

"Wapha munthu! Wapha munthu pamaliro!"

Nyimbo inadukira pakati. Azibambo anathyola chitseko cha galimoto n'kuwakoka Che Rashid ndi miyendo, mutu wawo ukugunda pansi. Wina anati waledzera, wina anati waponda masamba dala chifukwa maliro si a chipembedzo chake. Bodza lamtunduwu limathamanga kuposa moto wolusa m'chilimwe. Zibakera zinayamba, kenako nkhuni zomwe amayi ankaphikira.

Apa ndi pomwe adzukulu anatulukira kuchokera kumanda, makasu ali paphewa, dothi lofiira mpaka m'maondo. A Namakhwa anali patsogolo. Anaizindikira galimotoyo, ndipo maso awo, mwa chizolowezi cha ntchito, anathamangira pansi pa injini. Oyilo wofiira anali kudontha pafumbi. Anadziwa bwino lomwe kuti wachokera pati.

Che Rashid anawaona kudzera pakati pa miyendo ya anthu, nkhope yawo inawala ngati aona m'bale wawo. Anadzuka ndi maondo n'kutambasula mikono.

"A Namakhwa! Auzeni anthuwa! Chiwongolero chinalimba, ndi kathanki kaja munama..."

Sanamalize. A Namakhwa anaponya khasu pansi, n'kuwathira chibakera cha dzanja lamanja pakamwa penipeni. Chinali chibakera cha munthu amene wakhala zaka makumi awiri akumasula mabawuti adzimbiri. Mano anayi anathothoka, magazi anatsikira pa malaya oyera. Ndinene mosabisa, sikunali kukwiya chifukwa cha mayi Esnath ayi. Anali mantha. Munthu amene mudzi wonse unkamuopa anachita mantha ndi mawu amodzi, ndipo anawatseka ndi chibakera.

Khamu linaona ngati lapatsidwa chilolezo. Ngati makaniko wake yemwe wamumenya, ndiye kuti munthuyu ndi wolakwadi. Mipini ya makasu inagwa pamsana, m'nthiti, m'mutu. Che Rashid anadzipinda, akuitana Mulungu wawo ndi pakamwa podzaza magazi. Amayi ena analira kuti basi zakwana, koma mawu awo sanamveke. Harry, mwana wamkulu wa mayi Esnath, bambo wa ana atatu amene anali asanamenyepo munthu chibadwire, anamasula tayala lapadera la galimoto yomweyo n'kuligubuduza. Wina anakhuthula petulo wa m'njinga yamoto m'chigubu.

A Namakhwa anali ataima pambali, akuyang'ana dzanja lawo. Pachala panali patabaya dzino. Fungo la petulo litawafika m'mphuno, anaona Harry akusanthula m'thumba kufuna machesi. Anadziwa kuti akakhala chete kamphindi kena, palibe amene adzadziwe za chigamba, ndipo Loweruka adzatsegula galaja yawo monga kale. Anadziwanso kuti adzakhala atawotcha munthu ndi sukuludiraiva yawo.

Anakankha anthu ngati ng'ombe yolusa, n'kudzigwetsa pamwamba pa Che Rashid. Dzanja lamanja anakolowekera m'chiuno mwawo, lamanzere anaphimba nalo mutu.

"Ndine! Ndinamata ndine kathanki! Munthuyu ananena kuti tigule kena, ndinakana ndine! Tsegulani boneti muone!"

"Chokanipo, achimwene!" anakuwa Harry. "Chokanipo, ndiyatsa!"

"Yatsa! Utiwotche tonse awiri, manda takumba kale!"

Petulo anali atanyowetsa onse. Anthu anayesa kuwakoka, koma anamatirira. Pamenepo mipini inatembenukira kwa iwo. Mdzukulu mnzawo, amene m'mawa womwewo ankalandirana naye khasu m'dzenje, anamenya dzanja lophimba mutu lija kamodzi, kawiri, kachitatu. Mafupa anamveka kuthyoka ngati mapesi ouma. Dzanjalo silinasunthe.

Chimene chinawapulumutsa si nzeru za munthu aliyense pakhamupo. Mayi Esnath, amene onse ankati afa, anali atangokomoka. Anatsitsimuka pansi pa mpanda wogwawo, mwendo utathyoka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wamwamuna amene anali atapita kukawaona.

"Harry! Iwe Harry!" anakuwa. "Ine ndikufa ndi mwendo kuno, iwe uli kalikiliki ndi machesi? Amalume ako agone m'nyumba mpaka liti? Mukufuna maliro angati lero?"

Machesi anagwa pansi. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali ngati wangofika kumene. Wina anatsegula boneti, ndipo onse anachiona chigamba chobiriwira chikulendewera pa paipi. Atatuwo anapita kuchipatala pa galimoto imodzi, apolisi anafika pambuyo, ndipo malemu anaikidwa dzuwa litapendeka, popanda nyimbo zambiri.

Madzi akatayika saoleka. Mayi Esnath mpaka lero amayendera ndodo, ndipo munda wawo wa mpunga amakawalimira ndi mayi Elsie, popanda wowatuma. Nkhani inazungulira Songani yense. Kwa miyezi ingapo pansi pa mango paja sipanaime galimoto, ngakhale wilibala. A Namakhwa ankangokhala pa tayala, dzanja lili m'chikhakha. Mbaula yawo yomatira zigamba ija anaiphwanya okha ndi hamala.

Mvula yoyamba itagwa, kapikapu kaja kanafika kakukokedwa ndi thirakitala. Che Rashid anatsika pang'onopang'ono, ataonda, milomo italowa mkati pomwe panali mano. M'manja anali ndi jumbo. A Namakhwa anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasowa poyang'ana.

"Ndabwera nako kuchokera ku Limbe," anatero Che Rashid, akutulutsa kathanki katsopano. "Muikemo."

"Amakaniko alipo ambiri pa Songani pano."

"Alipo. Koma amene sadzandimatiranso chigamba ndimamudziwa mmodzi yekha."

Anagwira ntchitoyo awiri, chifukwa zala zopindika sizikanatha kugwira paipi. Che Rashid ankagwira, a Namakhwa akumanga. Anatsuka mapaipi, anathira oyilo, anapotokola chiwongolero mpaka thovu lonse litatha.

Atamaliza, a Namakhwa anapukuta dzanja lamanja pa ovolosi n'kulitambasula, mutu uli pansi.

"Che Rashid, pepani."

Che Rashid analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Chipsera cha dzino lawo chinali chikuonekabe pachala. Aliyense kuno amadziwa kuti moni sapereka ndi dzanja lamanzere, ndi mwano, ndipo kwa Msilamu ngati iwo ndi nkhani yaikulu kuposa pamenepo. Koma analilambalala lamanjalo, n'kutenga lamanzere lopuwala lija, n'kuligwira ndi manja awo onse awiri.

"Ili ndiye ndimalidziwa," anatero. "Linalo ayi."

Papita zaka zinayi tsopano. Makasitomala anabwerera, ndipo a Namakhwa akakuuzani kuti kagule chatsopano, musalimbane nawo, ukali uja sunathe wonse. Che Rashid amaima pa galajapo pafupifupi sabata iliyonse, amamwa tiyi, amaseka, nthawi yokolola amasiya ndi kathumba ka mpunga. Tsiku lililonse lomwe abwera, a Namakhwa amayamba atambasula dzanja lamanja, mwina poganiza kuti lero zisintha. Che Rashid sanaligwirepo.