Mpando Wakumbuyo wa Odell Maddox

Odell Maddox anakula wopanda boti, ndipo mmene zikuonekera adzalowanso m'manda wopanda boti. Kwathu kuno kumpoto kwa Alabama, mwamuna wopanda boti ali ngati tambala wopanda lipombo: kulira amalira ndithu, koma nkhuku sizicheuka. Anagwira ntchito moyo wake wonse kufakitale yopha nkhuku, kudula mapiko mpaka zala kupindika. Ndalama ya boti ikati isonkhane, denga linkadontha, apo ayi mkazi wake Glenda ankagonekedwa m'chipatala. Glenda atatisiya, m'nyumba munatsala Odell, wailesi, ndi ndodo zowedzera.

Ndodozo musazione mopepuka. Wosowa ng'ombe amadzitonthoza ndi nkhunda zambiri. Odell anali ndi ndodo yolimba yozulira nsomba m'maudzu, yofewa kunsonga ya nyambo zopepuka, yaitali yoponyera kutali, ndi ina imene mwini wakeyo anaiwala ntchito yake. Zokulungira chingwe ankazitsuka ndi mswachi, ulemu umene mano ake sanaulandirepo. Nyambo ndiye musanene: achule a labala, nyongolotsi zapulasitiki, tinsomba tathabwa tomira pansi, tizitsulo tozungulira tonyezimira. Kusitolo ya Mayi Pettus ankaima pa shelefu mpaka khofi kuzizira, chule wobiriwira kudzanja ili, wakuda kudzanja ilo.

"Bambo Maddox," ankatero mayiwo, "mukusankha nyambo kapena mkazi?"

"Mkazi ndinasankha msanga, mayi. Uyu ndi chule, pafunika kuganiza."

Zonsezi ankazinyamula Loweruka lililonse kupita nazo m'boti la Royce Tidwell, mkulu wokonza mapaipi, wamimba yotsogola, amene anakula naye limodzi. Ku kalabu yathu ya owedza nsomba za bass, boti limakwera anthu awiri. Mwini boti amakhala kutsogolo, phazi pa kainjini kakang'ono koyendetsera mwakachetechete, ndipo madzi onse akutsogolo ndi ake. Wakumbuyo amabwera ndi masikono a soseji, amathandiza pa mafuta, amagwira ukonde, ndipo amaponya m'madzi amene mnzake wadutsamo kale. Mwini boti ukhoza kumutukwana, kunyoza chipani chake, ngakhale kuseka kaimbidwe ka kumpingo kwake. Koma chingwe chako chisadutse paphewa pake. Zimenezi palibe anazilemba, monganso palibe analemba kuti usakhale pa chipewa cha mnzako.

Odell anakhala pampando wakumbuyo wa Royce kuyambira onse awiri ali ndi tsitsi. Glenda atapita, mpandowo ndiwo unkamudzutsa. Lolemba ankatsuka zokulungira, Lachitatu ankanola mbedza, Lachisanu ankayala nyambo patebulo ngati akuombeza maula. Sabata yonse inali khonde chabe, nyumba yake inali Loweruka.

"Watenganso sitolo yonse?" Royce ankafunsa pomuona akukweza mabokosi. "Boti limira ili."

"Likamira ndi chimimba chakocho, aise. Tasendera uko."

"Nsomba zimafa ndi kuseka zikakuona, iwe. Ukamamaliza kusankha, izo zaswa kale ana."

Royce ankawedza ndi nyambo imodzi yokha, nyongolotsi yofiirira, dzuwa kapena mvula. Koma naye anali ndi bala lake. Zaka zonsezi sanagwirepo nsomba yolemera mapaundi khumi, pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka, ndipo kwathu amene sanafike pa khumi amakhala chete anzake akamanama. Tsono maso anali atayamba kuchita nkhungu, adokotala atanena kale za mtima. Mkuluyo ankadziwa kuti nyengo zake zatsala za m'manja.

Chaka chimenecho, madzi atayamba kufunda, nsomba zitabwera kosaya kudzaikira mazira, Royce anapeza chinsomba chachikazi pafupi ndi chitsa, m'kagombe kobisika kuseri kwa mitengo ya paini. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Anauza Odell yekha, monong'ona, ngati nsombayo ili ndi achibale pa foni.

"Imene ija ndi yanga. Loweruka pa mpikisano ndikaitenga."

"Ukaitenga ndi nyongolotsi yakoyo? Inaiona kale, inatopa nayo. Ndagula kankhanu koyera kwa Mayi Pettus, yesako."

"Sunga zidole zakozo."

Lowerukalo anafika pachitsa dzuwa litangotuluka. Nsomba inalipo, msana wakuda ngati mkono wa munthu wonenepa, itaima pa kabwalo ka mchenga kamene inasesa. Royce anaponya nyongolotsi. Nsomba inaiyang'ana ngati mmene mpongozi amayang'anira mkamwini waulesi. Anaponyanso, n'kuponyanso. Nsomba inayamba kupsa mtima, zipsepse zikunjenjemera, ikuzungulira n'kubwerera msanga. Aliyense wowedza amadziwa kuti ikatero yatsala pang'ono kuluma. Pomwepo chokulungira cha Royce chinachita zake, chingwe chonse piringu, chisa chenicheni.

"Ha! Satana iwe," anatero Royce, n'kukhala pansi, kufunafuna magalasi m'thumba.

Odell anali chiimire kumbuyo, ndodo yofewa ija m'manja, kankhanu koyera kakulendewera. Nsomba inatembenuka, n'kuima poyera, kukamwa kukutsekuka ndi kutsekeka. Iye amati sanaganize kanthu. Amati mkono unapita wokha. Mwina ndi zoona, pakuti mkono umene wadya makombo zaka zonsezo umakhala ndi maganizo akeake. Chingwe chinadutsa paphewa la Royce, pafupi ndi khutu, kankhanu n'kugwera pamchenga penipeni. Koyerako kanangozimirira m'kamwa mwa nsomba. Ndodo inapindika.

Nsombayo inamenya nkhondo, inadumpha, inathamangira kuchitsa, Odell akubweza.

"Ukonde, Royce! Ukonde!"

Royce anaika ndodo yake pansi mosafulumira. Anatenga ukonde, n'kuitunga bwinobwino, pakuti ndi munthu woleredwa. Anaiika m'thanki ya madzi ya m'boti, natseka chivindikiro.

"Yabwino," anatero. Masikono ake anabwerera osalumidwa.

Kosikelo nsombayo inapitirira mapaundi khumi ndi limodzi. Anthu anakuwa, ena kumenya Odell pamsana, wina kujambula. Kenaka mdala Hoyt Gaskin, amene amayeza nsomba, anafunsa mwachisawawa:

"Chilombo chotere kuchigwirira kumbuyo? Iwe Royce unali m'tulo?"

"Mufunseni mwini wakeyo," anayankha Royce, akupinda chingwe cha boti.

Onse anayang'ana Odell. Munthu wochenjera akananama, ndipo ife tikanamuthandiza kukhulupirira, pakuti bodza la nsomba si tchimo kwathu. Koma Odell anangoyang'ana nsapato zake. Kuwomba m'manja kunatha ngati mvula ya mwadzidzidzi. Nsomba anaibweza m'madzi monga mwa mwambo wathu, inagwedeza mchira kamodzi, n'kupita kwawo. Iyo yokha ndiyo inatuluka m'nkhaniyi yopanda bala.

Loweruka lotsatira Odell anaima pageti ndi mabokosi ake, masikono otentha m'pepala. Kunacha. Agalu a aneba anamuzolowera mpaka kuleka kuuwa. Galimoto ya Royce sinabwere. Anadya masikono onse yekha, ake ndi a mnzake, ataimirira.

Anapirira milungu ingapo, kenaka anatenga ndodo yake yabwino koposa, imene ankaisunga m'nsalu, napita nayo kwa Royce. Mkazi wa Royce anamulandira bwino, anamupatsa tiyi wozizira wa shuga, n'kulowa m'nyumba kuti amuna alankhule pakhonde.

"Ndakubweretsera iyi, achimwene."

"Ndodo ndili nayo."

"Ndinalakwa, Royce. Nditukwane basi, zithe. Unene za mphuno yangayi, za agogo anga, chilichonse."

"Ndikutukwanirenji? Sindinakwiye ayi." Royce anazunguza madzi oundana m'tambula. "Nsomba ndi nsomba. Kungoti ndikaganiza zokhala kutsogolo, iwe uli kumbuyo kwanga, khosi limandiyabwa. Ndizingocheuka. Munthu sungawedze ukucheuka."

"Ndikhoza kumangogwira ukonde. Ndodo ndizisiya kunyumba."

"Usadzichepetse choncho, Odell. Imwa tiyi. Tidzaimbirana."

Kwathu munthu akakutukwana, chibale chilipo. Akakuuza mwaulemu kuti tidzaimbirana, kagule maluwa, maliro achitika.

Anayesa ena a m'kalabu. Onse anamuyankha mokoma. Uyu mpando uli ndi mlamu wake, uyo injini ikuvuta, winayo msana. Palibe anamunena mawu oipa. Kumsonkhano ankamusungira mpando, kumuthirira khofi, kumutchula kuti katswiri. Chithunzi chake chili pakhoma kwa Mayi Pettus, iye atanyamula nsomba, nkhope ngati ya munthu amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Mayiwo analeka kumuseka. Akalowa amangoti, "Zafika zatsopano, bambo," iye n'kugula, pakuti china angachite n'chiyani?

Masiku ano mukamufuna Loweruka, pitani pansi pa mlatho wa msewu waukulu. Amaima pamiyala pakati pa amayi owedza milamba ndi ziwindi za nkhuku, atakhala pa zidebe zawo. Ndodo zake ndi za m'boti, zazitali, ndipo akati aponye, nyambo imakola nthambi za kumbuyo. Mtengo wa pamenepo wabala achule a labala, tinsomba tathabwa, tizitsulo tonyezimira. Amayi aja amati ikafika Khirisimasi sadzavutika kuukongoletsa.

"Bambo, tengani chiwindi ichi, mudyeko nsomba lero," amamuuza mmodzi.

"Zikomo, mayi. Ine ndimawedza bass."

"Chabwino, ziwedzani mtengowo."

Mwezi wathawu, ali pomwepo akumasula chingwe ku nthambi, anamva injini imene angaizindikire ngakhale ali m'bokosi la maliro. Boti la Royce linatulukira pansi pa mlatho, likuyenda pang'onopang'ono monga amachitira pamalo opapatiza. Odell anali atakonzeka kale mumtima kuona munthu wina pamalo pake, mlamu kapena mpongozi, ndipo anali atasankhiratu chipongwe choti amukuwire. Koma kumbuyo kunalibe munthu. Mpando unali wopindidwa, womangidwa ndi lamba. Royce, wa maso a nkhungu ndi mtima wokayikitsa uja, anali yekhayekha, ukonde uli pambali pake pamene angaufikire ndi dzanja lake.

Odell anakweza mkono. Royce anakweza zala ziwiri pa chiwongolero, moni amene timapatsa aliyense woima pamtunda. Atadutsa mlatho anaponda moto, mafunde n'kubwera kudzanyowetsa Odell nsapato.